Mwezi Wachisanu wa Virginia Daka

Anthu a ku Chawama amene ankamudziwa Virginia Daka amati sanamuonepo akudya atakhala pansi. Ankadya chiimire, mbale ili m'manja, maso ali kumsewu ngati kuli wina amene akumudikira. Anali mayi wamtali, wochepa thupi, ndipo ankayenda mofulumira moti anzake a pamsika anasiya kutsagana naye.

Kwawo kunali ku Sinda, kum'mawa kwa Zambia. Anabwera ku Lusaka ali mtsikana, dziko litangolandira kumene ufulu, kudzalera ana m'nyumba ya azungu ku Kabulonga. Azunguwo atabwerera kwawo anamusiya m'manja mwa banja lina, la bwana wa m'boma, ndipo kumenekonso analera ana anayi, kuyambira pa matewera mpaka onse atayamba sukulu. Amuna omufunsira analipo, koma dona wa panyumbapo nthawi zonse ankati, "Dikira wamng'onoyu ayambe wayenda." Wamng'onoyo akayenda, pankabadwa wina. Pamene Virginia ankadzidzimuka n'kuti zaka zake zitapitirira makumi atatu ndi zisanu, azing'ono ake onse kumudzi ali pabanja.

Moven Daka anakumana naye kutchalitchi. Anali mmisiri womanga nyumba, Mnsenga wa ku Petauke, munthu wa mawu ochepa. Mkazi wake woyamba anamwalira, ndipo ana awo awiri anatengedwa ndi amalume awo kumudzi, monga umanenera mwambo wa kwawoko. Virginia ndi Moven anakwatirana popanda phokoso, n'kukayamba banja m'kachipinda ka lendi ku Kanyama.

Mimba yoyamba sinachedwe. Inali m'mwezi wake wachisanu pamene mvula ya chaka cha 1978 inagwa mosalekeza. Pansi pa Kanyama ndi mwala wokhawokha, choncho madzi anasowa kolowera. Nyumba za zidina zinayamba kusungunuka anthu akuona. Virginia ndi Moven anasenza katundu wawo kupita kumalo okwera, akuyenda m'madzi ofika m'chiuno. Mawa lake masana Virginia anangomva kulemera kumunsi kwa mimba. Panalibe ululu. Kenako madzi anatsika m'miyendo, ndipo dzuwa lisanalowe zonse zinali zitatha.

Amayi awiri achikulire anakulunga kamwanako m'nsalu n'kupita nako okha. Pobwerako anamuuza kuti asalire mokweza, poti zopita padera si maliro. Aliyense anati chachititsa ndi madzi aja ndi katundu wolemera uja. Virginia anakhulupirira, ndipo zinamutonthozako, chifukwa madzi osefukira sabwera chaka chilichonse.

Anasamukira ku Chawama. Nthawi imeneyo boma linkalambula misewu ndi kuika mipopi m'makomboni, ndipo Moven anapeza malo n'kumangapo zipinda ziwiri za mabuloko. Virginia anagula khadi ya Chipani cholamula, imene popanda iyo munthu sankapatsidwa tebulo pamsika, n'kuyamba malonda a repu ndi tomato. Ankalawirira wapansi kukaoda m'mafamu a ku Makeni, ndipo pamene anzake ankayala malonda iye n'kuti atagulitsa kale theka.

Ataima kachiwiri anasamala kwambiri. Dengu analisiya, madzi ankamutungira ndi Moven. Komabe mwezi wachisanu utafika, tsiku lina akutsuka mbale panja, anamva kulemera kuja. Anaima osagwedezeka, mbale ili m'manja, akuyesa kudzinamiza kuti ndi mkodzo chabe. Sunali mkodzo.

Atachira anaitana mwamuna wake n'kuloza chitseko cha nyumba yawo.

"Ba Daka, ichi chitseko muchichose apa."

"Chalakwa chani chitseko?"

"Nikachiona, niona mwamene banatulutsira mwana wanga. Sinifuna kupitapo futi."

Moven anayang'ana mkazi wake, n'kuyang'ana khoma. Loweruka lotsatira anatseka khomo lija ndi mabuloko n'kuboola lina kumbali. Mimba yachitatu itachokanso, mwezi womwewo ndiponso mwa njira yomweyo, anatsekanso khomolo n'kuboola lina kumbuyo. Anthu oyandikana nawo ankaseka kuti mlendo wa kwa Daka amayamba wazungulira nyumba yonse asanapeze pogogoda. Bedi nalonso silinkakhala malo amodzi. Sabata ino lili kukhoma ili, sabata yamawa lili kukhoma lina.

Nkhani itafika ku Sinda, kunabwera azakhali ake a Virginia, a Felistus, mayi wosazungulira polankhula. Atangomwa madzi anaitana Moven.

"Apongozi, tiuzeni zoona. Mkazi akakhala ndi pakati, mwamuna sayenda njira ziwiri. Katatu konse si ngozi ayi."

"Amayi, ine ndikaweruka ndimabwera kuno," anayankha Moven, maso ali pansi. "Mufunseni mwana wanuyu."

Virginia ankadziwa kuti mwamuna wake akunena zoona. Komabe azakhali atabwerera, mawu aja anatsala m'nyumba. Tsiku lina anasiya malonda m'manja mwa mnzake n'kumulondola Moven mpaka kumene ankamanga. Anabisala kuseri kwa mulu wa mchenga masana onse. Zimene anaona ndi bambo wa mutu woyamba imvi akuyala mabuloko, akudya chinangwa chootcha yekha pamthunzi, kenako n'kubwerera pakhoma. Anafika kunyumba ali ndi manyazi, ndipo sanamuuze.

Anayesa zonse zimene anthu ankamuuza. Sing'anga wa ku Kuku anamumanga mkuzi wa timitengo m'chiuno, akuti womangira mimba kuti isatsike. Kwa mneneri wa mikanjo yoyera ku Linda anasala kudya mpaka kuona chizungulire. Konseko ankapita mobisa, chifukwa Lachisanu ankavala yunifomu ya amayi a chigwirizano kutchalitchi kwawo, ndipo ankaopa kuti akulu a mpingo angamve. Akamva kuti ku Matero kuli mayi amene anabereka atakula, ankakwera basi kukamufunsa zimene anamwa.

"Tapumulako, Virginia," anatero Moven tsiku lina atamupeza akusefa mizu ina yowawa. "Bana tili nabo ku Petauke."

"Ni banu baja," anayankha osatembenuka. "Ine nilibe."

Moven sanabwerezenso mawu amenewo.

Chimene chinkamupweteka kwambiri chinali pampopi. Amayi ambiri ankakhulupirira kuti mkazi amene wapita padera akagwira khanda, khandalo limadwala. Sankamuuza pamaso. Ankangoti akayandikira, aliyense n'kusunthira mwana wake kumbali ina. M'mawa wina kamwana kena kokwawa kanagwira chitenje chake, iye n'kuwerama kuti akanyamule, koma mayi wake anakatsomphola ngati akukachotsa pamoto.

Pamzere wa ndowa pomwepo panali mayi wina wachilendo, Mbemba wa ku Kasama amene anali atangosamuka kuchokera ku Kitwe. Anthu ankamuitana Bana Kafula, potengera dzina la mwana wake woyamba, ndipo ankagulitsa kapenta. Anamasula khanda lake kumsana n'kuliika m'manja mwa Virginia.

"Nigwirireniko uyu, nitape manzi," anatero, ngati palibe chimene chachitika.

Virginia analinyamula. Linali lolemera, lofunda, lonunkhira mkaka. Ndowa ya Bana Kafula itadzaza anabweza khandalo mwamsanga n'kuchoka, yake yomwe osatunga. Kwa masabata angapo ankamuzemba mayiyo, chifukwa fungo lija linkamutsatira mpaka ku Makeni. Koma Bana Kafula sanali munthu wozembeka. Ankangotulukira pakhomo, kaya kudzapempha moto, kaya kudzafunsa mtengo wa tomato, mpaka anakhala mabwenzi.

Mimba yachinayi inachokera pamzere wa mafuta ophikira. Zinali zaka zimene sopo, shuga ndi mafuta zinkasowa m'masitolo, ndipo mphekesera ikamveka kuti kwinakwake kwafika katundu, komboni yonse inkathamangira komweko. Virginia sanayenera kupitako. Bana Kafula anamuletsa, koma iye anati kukhala m'nyumba n'kumamvetsera mimba yake kunali kovuta kuposa kuima padzuwa. Mzere unali wautali, anyamata a Chipani akukankha anthu kuti awongoke. Dzuwa lili pamutu, Virginia anagwira mkono wa mnzake.

"Bana Kafula, vayamba."

Amayi a pamzerepo anamuzungulira n'kutchinga ndi zitenje zawo. Wina anaimitsa galimoto yonyamula buledi, ndipo ulendo uno, m'malo mobwerera kunyumba, anamutengera kuchipatala chachikulu.

Mawa lake pabedi lake panafika dokotala wamkazi, wamng'ono kwa iye ndi zaka zambiri. Anakoka mpando n'kuyamba kufunsa. Kodi ndi kangati? Mwezi wanji? Ululu umayamba, kapena madzi ndiwo amayamba? Virginia anayankha modabwa, chifukwa anthu onse m'mbuyomu ankangomuuza chochita, panalibe amene anafunsapo mmene zimachitikira.

"Mayi, ndikuganiza kuti khomo la chiberekero chanu ndi lofooka," anatero dokotalayo. "Mwana akayamba kulemera, limatseguka lokha nthawi isanakwane. Mukadzaimanso mubwere mwezi wachitatu usanathe. Tidzalisoka ndi ulusi, ndipo tidzamasula nthawi yobereka ikayandikira. Sindikulonjeza kuti zitheka, koma ena zinawathandiza."

"Kusoka munthu?"

"Inde. Koma musachedwe. Zaka zanu zapita."

Kenako Virginia anafunsa chimene chinkamuvuta.

"Nanga baja banayi, banali bwino-bwino?"

Dokotala anazengereza. "N'kutheka kuti anali bwinobwino."

Mwa mawu onse amene anamva m'zaka zimenezo, amenewa ndi amene anamuliritsa mokweza, ndipo ulendo uno panalibe womuletsa. Atatuluka m'chipatala sanapemphe kuti chitseko chisunthidwe. Anangouza Moven zimene dokotala ananena, n'kuwonjezera kuti, "Si imwe, ba Daka. Sanali imwe." Moven anagwedeza mutu n'kutuluka panja, ndipo anakhalitsa kumeneko.

Tsopano njira inali itapezeka, koma mimba inasiya kubwera. Mayi amene kale ankaima mosavuta anaona dzinja likudutsa, linanso n'kudutsa, mwezi uliwonse ukubwera pa nthawi yake. Zaka zake zinapitirira makumi anayi. Ankadziyang'ana pakagalasi n'kuzula imvi imodziimodzi. Anapita kukiliniki ya ku Chawama kukafunsa nesi masiku amene mkazi amaima mosavuta, ndipo nesiyo anamuuza kuti ndi a pakati pa mwezi wake. Tsoka lake, nthawi yomweyo ntchito zomanga zinachepa mu Lusaka, ndipo Moven anapeza ina ku Kafue, kumene ankagona komweko n'kumabwera kunyumba mwezi ukatha.

Tsiku lina Virginia anatseka malonda m'mawa, n'kukwera basi ya ku Kafue alibe ngakhale kachikwama. Anafunsa njira mpaka anafika pamene ankamanga nyumba za ogwira ntchito kufakitale. Moven anali pamwamba pa khoma. Atamuona anatsika mothamanga.

"Kwagwa chani kunyumba?"

"Kulibe chagwa."

"Manje wabwerera chani?"

"Ni masiku yake aya," anatero Virginia, ndipo sanatsitse mawu mokwanira.

Amisiri amene anali pafupi anamva. Wina anayamba kuseka, kuseka kuja n'kuyenda khoma lonse. Moven anamugwira mkono n'kupita naye kuseri kwa nyumbayo. Nkhope yake inali itasintha.

"Ine ndine munthu, Virginia. Sindine tonde wobwereka."

"Niziba, ba Daka. Koma zaka sizinidikira. Mukabwera pa mapeto a mwezi, vimakhala vapita kale. Nichite bwanji?"

Makina osakaniza simenti ankalira mbali inayo. Kenako Moven anapukuta manja pa ovolosi yake n'kufunsa ngati wadya. Anapita kukapempha chipinda kwa banja la mlonda wa pamalopo. Kuyambira pamenepo Virginia ankafika ku Kafue mwezi uliwonse, ndipo amisiri aja anamupatsa dzina loti Inisipekitala. Akamuona akutulukira kumsewu ankakuwa kuti Daka akonzeke, oyendera ntchito afika. Moven anazolowera, mpaka nayenso ankasekako.

Mwezi wina sanapite kumwezi, wotsatiranso chimodzimodzi. Sanauze munthu aliyense kupatula Bana Kafula, amene anamuperekeza kuchipatala. Dokotala uja analipobe, ndipo anamukumbukira. Anamugoneka, anamusoka, mkuzi wa sing'anga uja nesi anaudula ndi lumo n'kumupatsa m'manja. Ku Sinda nkhani inafika mochedwa, ndipo azakhali aja anatuma uthenga kudzera mwa munthu wa pabasi, wakuti munthu si thumba la chimanga loti azungu azisoka pakamwa. Koma n'kuti atamusoka kale.

Pomutulutsa, dokotala ananena chinthu chimene Virginia sanachiyembekezere.

"Mukagone. Muzidzuka popita kuchimbudzi ndi kukasamba basi. Osasesa, osatunga madzi, osapita kumsika, mpaka mwana abadwe."

"Miyezi yonse iyi?"

"Yonse."

Kusoka kuja sikunali kanthu poyerekeza ndi kugonako. Virginia anali asanagonepo masana chibadwire. Tsopano anagona chagada m'chipinda chotentha, akuyang'ana malata. Zenera linali laling'ono ndiponso lam'mwamba, moti ankangoona kachidutswa ka thambo. Komboni yonse ankaimva ndi makutu okha: ndowa zikugundana pampopi, ogulitsa makala akuitanira, wailesi ya oyandikana nawo, mapazi a amayi obwerera ku Makeni. Miyendo inkamuyabwa. Ankatembenukira kukhoma, n'kutembenukiranso kuchitseko, kenako n'kuchita mantha kuti kutembenukako kudula ulusi. Bana Kafula ankabwera ndi chakudya, ndiwo zake zotendera za Chibemba, n'kusesa mwachangu. Virginia ankamulondola ndi maso.

"Pakona apo mwasiya."

"Gonani imwe," ankayankha Bana Kafula. "Fumbi siluma."

Mwezi wachisanu utangoyamba, kunafika mawu oti tcheyamani wa pamsika wapereka tebulo lake kwa mayi wina, poti linakhala lopanda munthu nthawi yaitali. Tsiku limenelo Virginia analephera kupirira. Anadzuka. Sanapite kumsika, koma anasesa zipinda zonse ziwiri, anakwecha mapoto amene ankaona kuti sakuwala, ndipo ananyamula ndowa yodzaza theka kuchoka pakhomo kupita nayo kuseri. Pobwerera pabedi anaona kadontho ka magazi pa chitenje.

Bana Kafula anamupeza atagona, miyendo ataitsamiritsa kukhoma. Anathamangira naye kuchipatala. Ulusi unali usanaduke, ndipo mtima wa mwana unkamveka. Anamusunga masiku angapo n'kumubweza ndi mawu olimba.

Moven anaitanidwa kuchokera ku Kafue, ndipo sanabwererekonso. Virginia ankayembekezera kuti amukalipira, mwinanso ankafuna kuti amukalipire. Koma bamboyo anangolowa m'chipinda, anayang'ana bedi, anayang'ana zenera, n'kutuluka. Anabwera ndi hamala ndi tchizulo. Anafunditsa mkazi wake bulangete kuti fumbi lisamugwere, n'kuyamba kugumula khoma pansi pa zenera. Pofika madzulo zenera linali litatsika kufanana ndi bedi, ndipo munthu wogona ankatha kuona msewu, mpopi, ndi njira yonse yopita kumsika.

Sikuti zinamukhazika mtima pansi, koma maso ake anapeza koyenda. Posapita nthawi ankadziwa amene wagula wailesi yatsopano, amene mwamuna wake wabwera ataledzera, ndi mwana amene wathawa kusukulu. Ankalamula anthu ali chigonere. Ana oseweretsa mpopi ankamva mawu akuchokera pazenera n'kubalalika. Amayi ena, ngakhale aja ankabisa makanda awo, anayamba kuima pazenerapo pochokera kotunga madzi, n'kumamuuza mitengo ya pamsika.

Mwezi wachisanu unatha. Wachisanu ndi chimodzi unathanso. Virginia sanakondwere. Bana Kafula atabweretsa timalaya ta ana ake kuti tikhale pafupi, anamuuza kuti abwerere nato. Mwana ankagunda m'mimba mwamphamvu, chinthu chimene m'mimba zina zija ankangochimva pang'ono chisanathe. Koma akangoti zii kwa kanthawi, Virginia ankamwa madzi ozizira, kukanikiza mimba ndi zala, kuitana Moven kuti aike khutu.

"Agona chabe," ankatero Moven. "Nayenso ni munthu, amalema."

"Ikaniponi futi khutu."

Madzi anasweka m'mawa wina, mwezi wachisanu ndi chitatu utangoyamba. Inali nthawi ya mvula ndipo tinjira ta m'komboni tinali matope okhaokha, galimoto sikanalowa. Moven anayala matiresi pa wilibala yake yonyamulira simenti, anamukhazikapo, n'kukankha mpaka kumsewu wa ku Kafue, Bana Kafula akuthamanga pambali atagwira ambulera. Kondakitala wa minibasi anatsitsa anthu a mpando wakutsogolo. Kuchipatala anamasula ulusi uja, ndipo dzuwa likupendeka kunabadwa mwana wamwamuna, wochepa ngati paketi ya shuga. Analira kamodzi, mawu ake ngati a kamphaka, anesi n'kuthamanga naye kukamuika m'kabokosi kagalasi kotenthetsera ana obadwa masiku asanakwane.

Virginia anakhala kuchipatalako masabata angapo, m'chipinda cha amayi odikira ana awo. Ankafinyira mkaka m'kapu n'kupita nawo kumene kunali mabokosi aja. Anzake m'chipindamo anali atsikana, ndipo tsiku loyamba wina anamufunsa mwaulemu kuti, "Ambuya, mwana wanu wagonekedwa kuti?" poganiza kuti wabwera kudzadikirira mwana wake wamkazi. Virginia anangomuonetsa kapu ya mkaka. Nthawi yoyamwitsa isanakwane ankakhala ataima kale pakhomo la chipinda cha makanda, ndipo ikatha anesi ankachita kumutulutsa. Kamwana ka m'bokosi loyandikana ndi lake kanamwalira iye akuona. Kuyambira tsiku limenelo ankati akalowa, maso ake ankayamba afika pachifuwa cha mwana wake kuti aone ngati chikukwera ndi kutsika.

Anakana kumutcha dzina ali m'chipatala. Atafika naye ku Chawama, mchombo utagwa kalekale, ndi pamene analola Moven kumutcha Petros, dzina la bambo ake.

Amene ankaganiza kuti tsopano Virginia apuma analakwitsa. Petros akatsokomola kamodzi, mayi ake anali kale panjira ya kukiliniki. Madzi ake akumwa ankawiritsa kawiri. Sankamulola kukwawa panja, ndipo mwanayo anaphunzira kuyenda atagwira miyendo ya bedi. Atayambanso malonda, pa tebulo lina la kumapeto kwa msika, ankapita naye ku Makeni ali kumsana, ngakhale atakula moti mapazi ake ankagunda m'mawondo mwa mayi ake. Bana Kafula ankamudzudzula.

"Muzamupanga dzira uyu mwana. Mulekeni agwe, azauka."

"Imwe muli nabo sikisi," ankayankha Virginia. "Ine ni uyu chabe."

N'chifukwa chake anayamba kufuna wina. Ankati mwana mmodzi ali ngati diso limodzi, kachitsotso kakalowamo munthu wachita khungu. Moven anamukumbutsa zaka zawo, anamukumbutsa za kugona kuja, koma iye anati agonanso, ndipo ulendo uno sadzuka ngakhale msika utapsa. Anayambanso kuyang'anira masiku a pakati pa mwezi.

Petros ali ndi zaka zinayi, mwezi wa Virginia unadumpha. Wotsatira unadumphanso. Thupi linkamutentha mwadzidzidzi, thukuta n'kutuluka, ndipo iye anati ndi zizindikiro. Anachapa chitenje chatsopano, anasiya Petros kwa Bana Kafula atapereka malangizo ambirimbiri, n'kupita kuchipatala kuti akamusoke nthawi isanathe. Dokotala uja anali atasamukira kwina. Anamuyeza nesi wachikulire, wa msinkhu wake womwewo, ndipo atamaliza anakhala pambali pake.

"Amayi, si mimba iyi. Mwezi wasiya. Nthawi yake yakwana basi, monga inakwanira kwa ine."

"Yezaninso."

"Ndayeza bwino."

Anabwerera ku Chawama masana. Anakamupeza Moven kwa oyandikana nawo, kumene ankamanga chimbudzi, ali m'dzenje mpaka m'chifuwa. Virginia anagwada m'mphepete.

"Bakuti vinasila, ba Daka. Bakuti nakula."

Moven anatsamira fosholo. "Vakupweteka?"

"Sinivomera. Uja nesi anayeza mothamanga. Nizapita futi, akaniyeze wina."

Anapitadi, kawiri konse, kukiliniki zosiyana, ndipo konse anamva zomwezo. Pobwera ulendo womaliza anangotenga chitenje chatsopano chija n'kukapatsa Kafula, mwana wamkazi wa mnzake, amene anali pafupi kukwatiwa.

Petros anayamba sukulu chaka chimene anthu m'mabasi ndi m'misika ankangokamba za zipani zambiri. Anali mwana wochepa thupi koma wamakani, ndipo tsiku loyamba anakana kugwiridwa dzanja. Virginia anamuperekeza mpaka pachipata, ana onse n'kulowa m'makalasi, makolo ena n'kubwerera. Iye anatsala ataima pampanda wa waya, akuyang'ana chitseko chimene mwana wake analowa. Mawa lake anachitanso chimodzimodzi. Sabata isanathe, mphunzitsi wamkulu anatuluka.

"Amayi, mwana wanu ali bwino. Pitani kunyumba. Anthu osagwira ntchito pano saloledwa kuima pampanda."

Virginia analoza amayi awiri amene anakhala pafupi ndi chipata, akugulitsa zitumbuwa ndi magwafa kwa ana a sukulu.

"Nanga baja?"

"Aja ndi ogulitsa."

Lolemba lotsatira tebulo lake la kumsika analisiyira Bana Kafula. Anafika pachipata cha sukulu ndi beseni la mtedza wokazinga ndi chimanga chophika, n'kuliika pamalo pamene ankatha kuona zenera la kalasi yoyamba. Anagulitsa pamenepo mpaka Petros anamaliza sukulu ya pulayimale. Ana a m'kalasi mwake ankamuseka Petros kuti amabwera kusukulu ndi mlonda wake, ndipo iye nthawi yopuma ankadutsa patali ndi chipata, n'kutuma mnzake kuti akamutengere mtedza.